ZA AMISIRI A M'MUDZI: Mnyamata afuna chiongolero chozungulira

Mwezi uno yatifika kalata ya bambo wina wa kumapiri, ndipo mlandu wache tauika poyera pano, pakuti tiyesa kuti sali yekha m'nkhawa imeneyi. Mwana wache, mnyamata wa zaka 16, anaona pa lamya ya mnzache anyamata a maiko akutali alikulumpha ndi njinga, nazunguza chiongolero ali m'malere mpaka chinabwerera pamalo pache, mawaya a mabuleki osapotana konse. Chiyambire tsiku lomwelo mnyamatayo sadya nsima bwino. Wamva kuti chinsinsi chache ndicho kachitsulo kena kokhala pakhosi pa njinga, ndipo alikuumiriza atate wache kuti amlole akamange pa njinga ya banja, ija ya magiya ndi matayala onenepa imene ambiri aitcha mountain bike. Tsono njinga yomweyo ndiyo ipita ku chigayo, ndiyonso inyamula amai ndi khanda kunka ku chipatala. Bambo afunsa ziwiri: kodi nkotheka, ndipo kodi nkwabwino?

Mwachita bwino kufunsa, bambo, pakuti safunsa anadya phula. Tiyambe ndi kumene kachitsuloko kanachokera.

Buleki ya njinga za makono igwira nchito ndi waya woyenda m'kati mwa chikuto chache. Nzeru imeneyi anailembetsa ku Mangalande munthu wina dzina lache Ernest Bowden m'chaka cha 1896. Wayayo achokera pa chiongolero nafika pa gudumu la kumbuyo. Chifukwa chache mukazunguza chiongolero kamodzi kapena kawiri, waya akulungika pakhosi pa felemu monga chingwe cha mbuzi yozungulira chikhomo, ndipo buleki imanga yokha kapena waya aduka. Ku California, m'dziko la America, ana anayamba masewera a tinjinga tating'ono totchedwa BMX cha m'ma 1970. Magudumu ache ndi a mainchesi 20, giya ndi imodzi yokha. M'zaka za m'ma 1980 ena anasiya mjaha nayamba kuonetsa luso la kulumpha ndi kuzungulira, ndipo waya uja anawasautsa. M'chaka cha 1986 kampani ya Odyssey inayamba kugulitsa kachitsulo kotchedwa Gyro, kamene anakakonza Brian Scura. Ena akatcha rotor, ena detangler, ndiko kunena chomasula zopotana. Masewerawo anakula mpaka analowa m'mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo, umene unachitika m'chaka cha 2021.

Magwiridwe ache ali otere. Kachitsuloko kali ngati zibangili ziwiri zolumikizana, ndipo pakati pao pali timipira tachitsulo monga tija ta m'kati mwa gudumu. Kavala khosi la njinga momasuka, kotero kuti katha kukwera ndi kutsika. Waya wochokera ku chofinyira buleki agawika pawiri, nagwira chibangili chimodzi ku mbali ziwiri. Chibangili chimenecho chizungulira pamodzi ndi chiongolero. Chibangili chinzache sichizungulira ai: icho chigwira mawaya ena awiri, amene atsika nakomana, nakhala waya mmodzi wonka ku buleki ya kumbuyo. Mukafinya dzanja, mawaya a m'mwamba anyamula zibangili zonse ziwiri, ndipo izo zikoka mawaya a m'munsi. Motero mphamvu ya dzanja ioloka pa timipira tija ngakhale chiongolero chaloza kuti. Buleki ya kutsogolo ili ndi njira yina: waya wache alowa pa bawuti yoboola pakati, natsika m'kati mwa paipi ya foloko, natulukira pansi pafupi ndi tayala.

Onani tsono kuti zonsezi anazilinganizira njinga ya BMX. Pa njinga ya mapiri pali zopinga zisanu, ndipo mmisiri aziyese chimodzi chimodzi asanagule kanthu.

Choyamba ndicho magiya. Kachitsuloko kamasula waya wa buleki ya kumbuyo yekha. Mawaya awiri osinthira magiya achokeranso pa chiongolero, ndipo adzapotana monga kale. Wofuna kuzunguza chiongolero ayenera kuchotsa magiya onse nasiya imodzi, kapena kusamutsa zosinthira nazimanga pa felemu. Inu okhala kumapiri mudziwa nokha chimene njinga ya giya imodzi ichita ndi munthu wosenza thumba la chimanga pa chitunda.

Chachiwiri ndicho kukula kwa khosi. Paipi ya foloko ya njinga zakale inenepa inchi imodzi, ndiwo mamilimita 25.4, ya njinga zambiri za makono inenepa mamilimita 28.6. Tizitsulo timeneti tigulitsidwa pa miyeso iwiri yomweyo, ndipo woyesa molakwa wataya ndalama zache. Komanso njinga zambiri za mapiri zatsopano zili ndi khosi la felemu lonenepa kwambiri, lobisa timipira m'kati mwache. Pa khosi lotere chibangili sichilowa, kapena chilowa koma chikhuza, ndipo chibangili chokhuza sichibweza buleki.

Chachitatu ndicho potsamira zikuto za mawaya. Felemu ya BMX ili ndi timakutu tiwiri pakhosi, pamene zikuto za mawaya a m'munsi zitsamira. Njinga ya mapiri ilibe timakutu timeneti. Pali kambale kachitsulo ka makutu awiri kamene kalowa m'malo mwache: mmisiri agulula kapu ya m'mwamba ya timipira, naika kambaleko pamwamba pa khosi, nakhomeranso kapuyo. Izi zitheka pa njinga zokhazo zimene kapu yache iri kunja kwa felemu. Wina adzati, tiyeni kwa wowotcherera. Chenjerani. Felemu zambiri za njinga za mapiri nzachitsulo chopepuka chotchedwa aluminiyamu, chimene sichilola moto wa owotcherera zitseko ndi makasu, ndipo chikatenthedwa chifooka. Kuboola khosi ndi msomali kapena chobowolera nkuyambitsa mng'alu pamalo pamene pasenza moyo wa wokwera.

Chachinai ndicho kutalika kwa paipi ya foloko. Pansi pa chitsulo chogwira chiongolero payenera kulowa kambale kena ka m'mwamba, ndiponso pakhale danga lakuti zibangili zikwere mukafinya. Paipi ija amaidula kale pa muyeso wache pomanga njinga. Mukaonjezapo timbale, chogwira chiongolero chikwera, ndipo paipi siifikanso pa bawuti ya m'mwamba. Lamulo la amisiri ndi ili: mutu wa paipi utsale mamilimita awiri kapena atatu okha pansi pa mlomo wa chogwiracho. Ukatsala kwambiri, chiongolero chitha kuzuka m'manja mwa munthu ali pa liwiro.

Chachisanu ndicho mtundu wa buleki. Njinga zambiri za mapiri zili ndi buleki ya manja awiri atali oima m'mbali mwa tayala, yotchedwa V-brake, imene inafala m'zaka za m'ma 1990. Buleki imeneyi ifuna waya akokedwe ulendo wautali, pafupifupi kawiri kuposa buleki ya BMX. Koma zibangili zija ulendo wache ngwaufupi: zikagunda pa kambale ka m'mwamba, zaima, ngakhale mphira sizinalume limu mokwanira. Ndipo ngati njinga ili ndi mabuleki a mafuta, oyenda m'kapaipi, kachitsulo ka mawaya sikagwirapo nchito konse. Kali ndi mtundu wache wina wa mafuta, wa mtengo wapatali.

Palinso china choyesa chosafuna ndalama. Masulani mawaya onse, nimuzunguze chiongolero pang'ono pang'ono. Magudumu a njinga ya mapiri ndi akulu, a mainchesi 26, kapena 27.5, kapena 29. Onani ngati tayala ligunda felemu kapena phazi liri pa pedulo, ngati mapewa a foloko akhuza paipi ya pansi, ngati zofinyira buleki zikwapula paipi ya pamwamba. Chimodzi chikagunda, nkhani yatha pomwepo.

Nanga zonse zisanu zikalola? Pamenepo nkotheka ndithu, ndipo mamangidwe ache ndi awa. Kambale ka m'munsi kayambe, makutu ache aloze ku dzanja lamanja ndi lamanzere molingana. Zibangili zivale khosi, kambale ka m'mwamba kakhale pansi pa chogwira chiongolero, makutu ache alunjike pamwamba pa anzache. Yambani kumanga mawaya a m'munsi, nimulinganize timanati tache mpaka zibangili zitakhala chathyathyathya, pafupi ndi makutu a m'munsi koma osagona pa iwo. Pambuyo pache mangani a m'mwamba, nimuchotse kulenda konse. Tsono zunguzani chiongolero muli kuyang'ana: zibangili zikamagwedera uku ndi uku monga lichero la wopeta, ndiye kuti waya wina watalika kuposa mnzache, ndipo buleki idzagwira mosiyana pokhota. Linganizaninso mpaka ziime zii. Thirani mafuta m'zikuto ndi girisi pang'ono pa timipira. Potsiriza yesani pabwalo losalala, katundu ali pa keliyala, musanayese pa mtsetse.

Ngakhale mmisiri walongosola bwino chotani, dziwani ichi: buleki yodzera pa zibangili siiluma monga buleki ya waya mmodzi wolunjika. Mphamvu ya dzanja itayika pang'ono pa mfundo iliyonse, ndipo pano mfundo zachuluka. Fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zilowa pa timipira, ndipo kachitsuloko kafuna kupukuta ndi kulinganiza kawirikawiri. Mawaya ache ogawika pawiri sapezeka pa msika uliwonse. Akaduka pa njira, waya wamba salowa m'malo mwache. Anyamata a masewera apirira zonsezi chifukwa akwera okha, opanda katundu, pabwalo lokonzedwa. Ambiri a iwo achotsa buleki ya kutsogolo, ena achotsa zonse ziwiri. Mwana wanu asatengere zimenezo pa mseu, pakuti poima mwadzidzidzi kulemera konse kuthamangira kutsogolo, ndipo buleki ya kutsogolo ndiyo iimitsa njinga koposa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Uphungu wathu kwa inu, bambo, ndi uwu. Njinga imene inyamula amai ndi khanda muisiye monga iri, ndi magiya ache ndi mabuleki ache awiri. Ndalama imene ikadapita ku kachitsuloko mugule nayo mphira zatsopano za mabuleki ndi mawaya awiri. Koma mnyamatayo musamkalipire. Mtima wofuna kudziwa m'mene chitsulo chigwirira nchito ndiwo mtima wa mmisiri, ndipo mudzi wopanda wokonza njinga uyenda pansi. Mkhazikeni pansi, muwerenge naye zopinga zisanu zija, nimumpatse chingwe choyezera kuti ayese yekha khosi ndi paipi; chimene apeza ndi manja ache adzachikhulupirira koposa mau anu. Akapirirabe, agwire ganyu, asunge ndalama, agule felemu yakale ya BMX kapena kanjinga kena kachitsulo kotha nchito, amange yache. Pa njinga yotere angayambe ndi njira yosalira ndalama zambiri, imene okwera ambiri aitsata: kuika waya mmodzi wautali wa buleki ya kumbuyo, wolola chiongolero kuzungulira kamodzi, nachibweza pambuyo pache. Aphunzirire pabwalo, kutali ndi mseu wa galimoto ndi ana ang'ono, chisoti cholimba chiri kumutu.

Ndipo inu nonse eni njinga, musanakwere mawa m'mawa, finyani buleki iliyonse payokha, nimukankhe njinga. Chofinyira chikafika pa chiongolero gudumu likali kuyenda, kapena mukaona tinsambo ta waya titayamba kuduka, musakwezepo munthu tsiku limenelo mpaka mutakonza.

Mwezi wa mawa tidzanena za kuongola gudumu lopindika ndi kumanga masipoko. Tsalani bwino.