Tsitsani nsambo za gitala ana asanagwe ulesi

Kitwe ndi Ndola ndi kwawo kwa gitala. Mu 1957 Hugh Tracey anajambula nyimbo za oimba gitala m'makomboni a migodi ya ku Copperbelt, ndipo magulu oimba a WITCH ndi Amanaz anaphukira ku Kitwe komweko. Komabe ana ambiri amasiya kuphunzira zala zitatupa, n'kumadziyesa opanda luso, pamene vuto lili pa chipangizo. Nsambo yonenepa iyenera kutalikirana ndi fret ya 12 (kachitsulo kopingasa ka pa khosi la gitala) ndi mamilimita 2 kapena 2.5 basi. Ikafika pa 4, ngakhale katswiri amavutika, ndipo mawu amasokonekera chifukwa nsamboyo imakokeka poidinikiza. Dzinja limawonjezera vutoli: kuyambira Novembala mpaka Epulo thabwa la gitala limamwa chinyezi, limafufuma, nsambo n'kukwera. Mankhwala ake ndi otchipa. Mmisiri amawongola khosi potembenuza pang'ono kachitsulo ka m'kati mwake, amapala kafupa kamene nsambo zimatsamira, kenako amaika nsambo zopyapyala.

Ena amati ululu ndiwo umalimbitsa zala, poti akale ankayambira pa mabanjo a zitini. Zoona, zikang'a zimabwera ndithu, koma zimabweranso pa gitala yofewa, mwana akuimba ola lathunthu m'malo mwa mphindi 10. Ena amaopa kuti nsambo zikatsika zimalira mogunda. Zimatero akapala mopyola, n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna woidziwa, wochita pang'onopang'ono. Inu atsogoleri a makwaya ndi aphunzitsi, musanasonkhe ndalama za gitala yatsopano, pitani nayo kwa mmisiri imene yapachikidwa kukhomayo.