Chifunga chisasenze mlandu chokha

Ndege yaing'ono ikagwa kunja kuli koipa, mawu amodzimodzi amazungulira pa WhatsApp ndi m'maminibasi: akuti chifunga chikatsika woyendetsa amangoyendera mwayi, ndipo injini za ndege zoterezi zimazima zikalowa mumtambo. Ife tikukana. Mawuwa amatonthoza mtima chifukwa sasiya munthu wofunsidwa, koma malipoti a akatswiri ofufuza ngozi sagwirizana nawo.

Kutsika osaona pansi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Bwalo lokhala ndi zipangizo limakhala ndi tchati chosonyeza njira yotsikira, ndipo pa tchatipo pali malire. Pa njira yotsikira ndi zipangizo yotchedwa ILS, malirewo nthawi zambiri amakhala mamita pafupifupi 60 kuchokera pansi. Woyendetsa akafika pamenepo koma osaona msewu woterapo kapena magetsi ake, lamulo ndi limodzi: awonjezere moto, akwere motsata njira yolembedwa, kenako ayesenso kapena apite kubwalo lina. Amene anakonza dongosololi ankadziwa kale kuti chifunga chidzabwera. Ngozi zambiri zimayamba pamene munthu wasiya kulitsata.

Pa 25 Okutobala 2002, ndege ya King Air A100 inagwa ikuyandikira bwalo la Eveleth ku Minnesota, n'kupha anthu 8, kuphatikizapo seneta Paul Wellstone. Kunali mitambo yotsika ndi kuzizira, choncho anthu anathamangira kunena kuti madzi anaundana pamapiko. Ena anati ndi chiwembu. Bungwe la NTSB, lomwe limafufuza ngozi ku America, linapeza kuti oyendetsa awiriwo analola liwiro kutsika mpaka mapiko analephera kunyamula ndege, ndipo pansi panali pafupi kwambiri moti sakanaipulumutsa. Injini zinali kugwira ntchito. Chipangizo chosonyeza liwiro chinali pamaso pawo onse awiri.

Patatha zaka ziwiri, pa 24 Okutobala 2004, King Air ina ya kampani ya mipikisano ya magalimoto ya Hendrick Motorsports inawomba phiri la Bull Mountain ku Virginia, anthu 10 n'kufa. Oyendetsa anasokonezeka za pamene anali, anapitirira malo oyenera kuyambira kukwera, ndipo pokwerapo sanakhote monga tchati chinkanenera. Phirilo linali pamapu kalekale.

Chimene chifunga chimachita n'chakuti chimachotsa maso, ndiye munthu amatsala ndi thupi lake, ndipo thupi limanama. Mkati mwa khutu muli timadzi tomwe timatithandiza kudziwa ngati tapendekeka. Ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, timadzito timakhazikika, woyendetsa n'kumamva ngati ali wowongoka. Akaiwongola ndege, thupi limamuuza kuti wapendekera mbali inayo. Ndiye chifukwa chake ophunzira amawavala chotchinga kumaso kuti azolowere kukhulupirira zipangizo ngakhale m'mimba mukukana. Luso limeneli limachita dzimbiri munthu akalisiya miyezi.

Palinso china chomwe sitikonda kuchitchula. Kumbuyo kwakhala bwana, mwambo ukudikira, galimoto zafika kale pabwalo. Palibe amene amanena mokweza kuti "terani basi", koma woyendetsa amamva kulemera kwake, ndiye amatsikako pang'ono kuti mwina pansi paoneka. Kapang'ono kameneko ndi komwe mitengo ndi zitunda zili.

Tikudziwa kuti nkhaniyi kuno kwathu ndi chilonda chosapola. Dornier 228 ya asilikali yomwe inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, sinali kutera ndi zipangizo. Inali paulendo wodalira maso. Akatswiri ofufuza ngozi a bungwe la BFU la ku Germany analemba kuti ndegeyo inalowa m'nyengo yosaoneka kutsogolo ikuuluka motsika, n'kuwomba mtunda wokwera. Anapezanso kuti inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena kayendedwe ka ndege, ndipo batire ya kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera inali itatha nthawi yake mu 2004. Zimenezi sizinabwere ndi chifunga cha m'mawa umenewo. Aliyense wonena kuti "inali nyengo basi" akutseka mafunso amene mabanja ndi Nyumba ya Malamulo ali ndi ufulu wofunsa: ndani amaona za zipangizo, ndani amapereka uthenga wa nyengo ndege isananyamuke, ndipo woyendetsa akakana kunyamuka, ndani amaima kumbuyo kwake.