Ngozi ikagwa timvere akomiti, koma tidziwe pothera mphamvu zawo

Ambiri mwa ife usipa wathu umakathera m'misika ya kumtunda monga Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma, ndipo pobwerera timanyamula chimanga ndi mtedza. Ndiye wina akalamula kuti msika utsekedwe kwa Kabudula, poto wa ku Salima ndi ku Nkhotakota naye amazizira. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa amene ali ndi mphamvu yolamula pa nthawi ya ngozi, komanso pamene mphamvuyo imathera.

Lamulo lakale loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidakhazikitsidwa mu 1991, madzi atasefukira ku Phalombe. Mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano. Wolengeza kuti dera lili pa ngozi ndi mtsogoleri wa dziko, monga zidachitikira pa 23 March 2024 pomwe maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pa ngozi kaamba ka ng'amba. Akatero, ntchito imayendetsedwa ndi nthambi ya DoDMA, kudzera kwa bwanamkubwa ndi khonsolo, mpaka kufika ku makomiti a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi.

Ine maganizo anga ndi awa. Akomiti akabwera kudzati samukani, madzi akubwera, tisamuke basi. Zoti makolo athu adagona pompano tidzakambirana tili moyo. Freddy adapha anthu mazanamazana kumwera, ndipo mu 2024 tidaona tokha nyanja ikulowa m'nyumba ndi m'minda. Kukagona masiku angapo pa sukulu, mu mzikiti kapena m'tchalitchi si manyazi.

Koma kumvera si kutseka pakamwa ayi. Kumbukirani 2020. Pa 20 March boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, sukulu zidatsekedwa ndipo kusonkhana anthu oposa 100 kudaletsedwa. Kenaka lidalamula m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 April. Kutatsala tsiku limodzi, bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe lidapereka chiletso, bungwe la HRDC ndi anthu ena atakadandaula. Pambuyo pake oweruza adagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Anthu akadatsekeredwa m'nyumba osauzidwa chomwe adzadye.

Phunziro lake ndi lakuti kulengeza za ngozi sikufafaniza ufulu wa munthu. Kuti maufulu ena ayambe aimitsidwa, ndime 45 ya malamulo aakulu imafuna state of emergency, yomwe komiti ya aphungu yoona za chitetezo iyenera kuvomereza, ndipo siipitirira masiku 21 pokhapokha Nyumba ya Malamulo itawonjezera. Tsono ngati boma lenilenilo lidabwezedwa ndi khoti, wapampando wa komiti ya m'mudzi angakhale pamwamba pa lamulo?

Choncho wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lilembedwe pa mndandanda wa chimanga, kanani, thandizolo ndi laulere. Akasankha anthu potengera chipani, mtundu kapena chipembedzo, walakwira lamulo. Akafuna bwato lanu kapena ngolo yanu kuti apulumutsire anthu, thandizani ndi mtima umodzi, koma alembe papepala dzina lake, tsiku ndi chomwe watenga. Akatseka msika, funsani mwaulemu kuti lamulolo lachokera ku ofesi iti ndipo litha liti. Safunsa adadya phula.

Madandaulo ali ndi njira yake: kwa mfumu, kwa khansala, kwa bwanamkubwa, ndipo zikakanika kuli ofesi ya Ombudsman, ya ACB pa nkhani za ziphuphu, ndi makhoti.

Pempho langa ndi lakuti mvula isanayambe, mudzi uliwonse uitane akomiti ake pabwalo. Atiuze mayina awo, malo othawirako, ndi mmene adzalembere mayina a olandira thandizo. Zimenezi n'zosavuta kufunsa lero kunja kuli ng'aa, koma madzi akafika m'chiuno palibe amene adzakhale ndi mpata wotiyankha.