Chimanga cha m'Meyi, Njala ya m'Febuluwale

Chaka ndi chaka timadzichititsa manyazi omweŵa, koma osaphunzirapo kanthu. M'mwezi wa Meyi, chimanga chisanaume n'komwe, mavenda amakhala atapachika kale sikelo patsinde pa mtengo. Timasenza matumba mmodzimmodzi, aliyense ndi vuto lake: uyu fizi ya mwana, uyo ngongole ya feteleza. Wogula ndiye amatchula mtengo, ife n'kungovomera. Pofika Febuluwale tili pakhomo pa munthu yemweyo ndi kandalama ka ganyu, kugula pa chigoba chimanga chathu chomwe, mtengo utakwera koopsa.

Ena amati: "Tidikire ADMARC." Tidikire mpaka liti? Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1971, ndipo makolo athu adazoloŵera kuti msika ngwa boma. Koma kuyambira 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo mu 2022 boma lidatseka ADMARC kwa kanthaŵi n'kuchotsa antchito ake. Kaŵirikaŵiri misika yake yakhala ikutsegulidwa mochedwa, ife titagulitsa kale.

Enanso amati: "Za magulu ayi, akomiti amadya." Mawu ameneŵa amaŵaŵa chifukwa muli choonadi. Komabe mankhwala a kuba si kubalalikana. Buku la gulu liziŵerengedwa pabwalo anthu onse akumva. Pachitseko pakhale maloko atatu, makiyi kwa anthu osiyana, ndipo amayi asasoŵepo, pakuti ndiwo amayamba kuona ufa ukamatha m'dengu. Nanga venda uja, adatisonyezapo buku lake? Sikelo yake adaiyesa ndani? Koma iyeyo ndiye timamkhulupirira, mbale wathu ayi!

Tiyeni tiŵerengere. Mabanja 40 atasonkha matumba 5 a makilogalamu 50 banja lililonse, apeza matumba 200, ndiwo matani 10. Katundu wotere amaitana lole, ndipo eni ake angathe kukana mtengo wachipongwe. Mankhwala a nankafumbwe, kapena matumba osaloŵa mpweya aja, amatsika mtengo akagulidwa pamodzi.

Sitikubisa kuti pali mfundo yovuta: ndalama imafunika m'Meyi momwemo, ndipo sukulu sidikira Disembala. Apa mpamene pagona ntchito ya malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, onga amene bungwe la ACE lidayambitsa kuno kwathu. Mlimi amasungitsa mbewu zake, napatsidwa lisiti, nakongolerapo ndalama pang'ono podikira kuti mitengo ikwere. Wa matumba atatu sangapite yekha kumeneko, galimoto ingamdyere phindu lonse, gulu lingathe. Tsono msonkhano wake uitanidwe m'Malichi, chimanga chikadali m'munda, sikelo zisanapachikidwe.