ZA M'BANJA: Mwana Akamakwera Ndege Yekha

Mwezi watha, itatha Misa yachiwiri, mai wina adatipeza pakhonde nkhope ili yakugwa. Adati: "Abambo, mwana wanga wamkazi wapeza sukulu kunja, ndipo auluka yekha. Ngakhale ku Lilongwe sanafikeko. Ine tulo ndilibe." Popeza mabanja otere achuluka m'midzi mwathu, tayesa nkwabwino kuyankha pano, kuti onse amve.

Mantha a mai uja sitiwaseka ai. Akuluakulu akumbukira masiku a Wenela, pamene amuna ankanyamulidwa pa ndege kunka ku migodi ya ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo amuna a kwathu kuno oposa 70 adafera pomwepo ali paulendo wobwerera kumudzi. Maliro amenewo sadaiwalike. Koma tinene zoona: lero ndege zazikulu sizigwa kawirikawiri, ndipo wokwera minibasi pa mseu wa M1 ali pafupi ndi ngozi kuposa wa m'mlengalenga.

Tsono mwana wathuwe, mvera zimene ukaone. Ukafike pa bwalo la ndege, kaya la Kamuzu ku Lumbadzi kaya la ku Chileka, kudakali maola atatu. Pasipoti, tikiti ndi ndalama zikhale pathupi pako, osati m'chikwama chachikulu, pakuti icho adzakulanda nachiika kunsi kwa ndege. Pasipotiyo uione msanga, popeza maiko ambiri afuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe mphamvu. M'kachikwama ka m'manja salola mpeni, ndipo zamadzimadzi, monga mafuta odzola, zisapitirire mamililita 100 pa botolo.

Ndege ikathamanga ndi kunyamuka, mtima udzati myuu, ndipo makutu adzatseka. Umeze malovu kapena uyasamule, adzatseguka. Idzakwera kufikira mamita 10,000 kapena kuposapo, ndiko kuti kusanjika katatu nsonga ya Sapitwa ya phiri la Mulanje. Ikagwedezeka, usakuwe: ndi mphepo chabe, monga bwato likumana ndi mafunde panyanja. Umange lamba, ukhale phee. Ku Johannesburg udzafika asanathe maola atatu, ulendo umene makolo athu ankayenda milungu yambiri. Ngati usinthira ndege ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, dziwa kuti nthawi ya kumeneko itsogola ndi ola limodzi. Ambiri asiyidwa chifukwa chokhulupirira wotchi ya kwao. Ukasokonezeka, funsa antchito ovala yunifolomu. Safunsa adadya phula.

Koma inu makolo, tcherani khutu apa, pakuti ngozi yeniyeni ili pansi pano, ndipo imabwera ikumwetulira. Choyamba: mwana asanyamulire munthu phukusi limene sadalione m'kati, angakhale wopemphayo ndi mkristu mnzake. Mankhwala oletsedwa akapezeka m'chikwama, mlandu ugwera wonyamula, ndipo ndende ya kuchilendo ilibe mbale wodzakuona.

Chachiwiri chiposa apo. Alipo anthu oyenda m'midzi ndi pa lamya nalonjeza atsikana ntchito yabwino kunja, tikiti yaulere ndi malipiro ambiri. M'chaka cha 2024 dziko lonse lidamva za akazi a ku Malawi amene adapita ku Oman ndi malonjezo otere. Atafika adalandidwa mapasipoti, nagwiritsidwa ntchito ya m'nyumba usana ndi usiku ngati akapolo. Boma lidakhazikitsa lamulo loletsa malonda a anthu m'chaka cha 2015, koma lamulo silingalowe m'nyumba mwanu kudzafunsa mafunso m'malo mwanu. Funsani ndinu: Akamlandira ndani? Akakhala kuti? Kalata ya sukulu kapena ya ntchito ili kuti? Itengeni, muionetse kwa aphunzitsi, kwa ansembe, kapena ku ofesi ya zantchito ku boma. Munthu wokuuzani kuti "fulumirani, musauze anthu" ndiye woyenera kumuopa. Mwanayo alembe papepala manambala a lamya a kwao ndi a womlandira, pakuti lamya imatha moto. Ndipo pasipoti yake asaipereke kwa bwana kuti amsungire. Josephine Bakhita Woyera wa ku Sudan, amene adagulitsidwa ukapolo ali mwana, ndipo timkumbukira pa 8 Febuluwale, awapempherere ana athu onse.

Chotsala ndi cha mzimu. M'Malembo Oyera tiwerenga za Tobiti, amene adatuma mwana wake Tobiya ku dziko lakutali la Mediya. Mai wake Anna adalira, monga alira mai wathu uja. Koma bamboyo sadangomtaya mwana panjira: adayamba wamlangiza, namfunira mnzake wodziwa njira, namfunsitsa mlendoyo za mtundu wake. Pambuyo pake padadziwika kuti mnzakeyo adali mngelo Rafaele. Taonani, Mulungu adatuma mngelo ku banja limene lidachita mbali yake.

Nanunso chitani chomwecho. Mwana alape ndi kulandira Ukaristia asananyamuke. Usiku wotsiriza banja lonse lipemphere kolona pamodzi, bambo ndi mai amdalitse, ndipo ngati padali kusamvana, kuthere pomwepo. Mumpereke kwa Amai Maria a ku Loreto, amene Papa Benedict XV adawaika kukhala nkhoswe ya oyenda pa ndege m'chaka cha 1920.

Ndipo iwe mwana, ukafika, utumize mau tsiku lomwelo, kuti mai wako agone. Lamulungu loyamba ufunefune tchalitchi. Chinenero chingakhale chachilendo, Misa ndi yomweyo. Usasanduke mtchona woiwala kwao. Ife kuno tidzakutchula pa guwa kufikira tsiku lakuti tikulandirenso.