Odwala MS ku Chongwe afunika mafizo pafupi ndi kwawo

Pa 30 May caka ciriconse dziko lapansi limakumbukira matenda a multiple sclerosis, amene madokotala amangowachula kuti MS. Kuno ku Chongwe ambiri a ife dzinali sitinalimvepo. Munthu akayamba kukoka mwendo, kumva dzanzi m'manja kapena kuona mbuu, acibale amafulumira kunena kuti ndi sitiroko, ena amati walodzedwa.

MS imabwera pamene asilikali a m'thupi aukira cikuto ca mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Cikuto cimeneci cili ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Cikanyenyeka, uthenga wocokera ku ubongo umacedwa kufika ku miyendo, manja ndi maso. Mu 2020 bungwe la MS International Federation linapeza kuti anthu 2.8 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo akazi amaposa amuna kawiri. Kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, nthawi imene akulima ndi kulera ana. Sapatsirana, komanso mankhwala owathetseratu kulibe.

Zina zasinthako. Mu 2018 cipatala ca UTH cinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo ndi mitsempha, ndipo oyamba anatsiriza mu 2020. Mu 2023 bungwe la WHO linaika mankhwala atatu a MS, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Komabe mankhwalawa amangocepetsa kuukira kwa matenda, sabwezera mphamvu mwendo umene wafooka kale. Ndiponso dzina la mankhwala pa mndandanda wa ku Geneva silifika lokha ku Kanakantapa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo.

Cimene tili naco pamphuno ndi mafizo. Katswiri wa mafizo amaphunzitsa wodwala kuwongola minofu youma, kulimbitsa miyendo ndi kuima osadzandira. Amamusankhira ndodo kapena njinga ya olumala yomuyenera. Ena amamuphunzitsa kuvala, kusamba ndi kuphika mosatopa, kapena kumeza cakudya popanda kutsamwa. Pali ndi malangizo osalira ndalama: kutentha kumakulitsa zizindikiro za MS kwa kanthawi, conco m'mwezi wa Okutobala wodwala azigwira nchito m'mamawa, azipuma pamthunzi ndi kusamba madzi ozizira.

Vuto ndi lakuti mafizo safanana ndi jekeseni yobaya kamodzi. Amafuna kubwereza sabata ndi sabata kwa zaka. Kucokera pa boma la Chongwe kufika mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo wokhala kumudzi ayambe wafika kaye pa msewu wa Great East. Wodwala sayenda yekha, ndiye kuti mtengo wa basi ndi wa anthu awiri. Banja lodalira cimanga likayenda maulendo angapo limaleka, wodwala n'kugona pamphasa mpaka mawondo kuuma ndi zilonda kutuluka kumsana.

Akatswiri tili nao, popeza Evelyn Hone College ndi UNZA zimaphunzitsa nchito imeneyi. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 limapatsanso anthuwa ufulu wolandira thandizo lotere. Ndalama za CDF, zimene zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, zingagule zitsulo zophunzirira kuyenda, ndodo ndi njinga yamoto ya katswiri. Ofesi ya zaumoyo ya boma lino ikhazikitse tsiku lodziwika mwezi uliwonse loti katswiri azifika ku zipatala zing'onozing'ono monga ku Chalimbana ndi ku Kasisi, n'kuphunzitsa anamwino ndi acibale zoti azicita ndi wodwala kunyumba.

Wina anganene kuti odwala MS ndi ocepa, bwanji kutayirapo ndalama? Zitsulo zomwezo zithandizanso agogo a sitiroko, mwana wobadwa wolumala ndi mnyamata wovulala pa ngozi ya njinga yamoto. Makomiti a m'mawodi akakhala pansi kusankha nchito za CDF, inu amene muli ndi m'bale wogona m'nyumba mupiteko mukalembetse cipinda ca mafizo.