Mwamva za nkhumba m'makapisozi? Musasiye mankhwala, bwerani tikambirane



Kwathu kuno timakhala osakanikirana. Asilamu sadya nkhumba, a Seventh Day sadya nkhumba, mlamba ngakhale kampango poti alibe mamba, ena sadya nyama konse. Nkhani ya zinthu zochokera ku nyama zobisala m'zakudya ikamveka, anthu amachita mantha. Nkhaniyo si bodza ayi.

Jelatini amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba, ng'ombe, nthawi zina nsomba. Amapezeka m'maswiti ofewa otafuna aja, m'jeli, m'mayogati ena, komanso m'chikhokho cha makapisozi ambiri. Mukaona E120 pa paketi ya chakudya chofiira, utotowo ndi wochokera ku tizilombo. Vinyo wina amamuyeretsa ndi choyera cha dzira, mkaka kapena kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba. Koma amayi oyembekezera, vinyo musamuyandikire n'komwe, wayeretsedwa ndi chani kaya.

Pafupi pomwepa, tchipisi cha pachiwaya nthawi zina chimakazingidwa m'mafuta omwe mwadutsa nyama. Kufunsa wogulitsa si mwano.

Maganizo anga ndi awa: maswiti mutha kuwasiya, mankhwala ayi. Mwana sadwala chifukwa chosadya switi. Werengani paketi, yang'anani chizindikiro cha Halaal, mukakayika musagule. Koma kusiyira panjira makapisozi a amoxicillin chifukwa cha zomwe mwamva pachitsime n'koopsa. Chibayo chimabwereranso, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo.

Ena anena kuti, "Anesi, chikhulupiriro ndi chachikulu kuposa thupi." Ndimalemekeza zimenezo. Dziwaninso kuti mu 1995 akuluakulu a Chisilamu ndi madokotala atakumana ku Kuwait anagwirizana kuti jelatini wotereyu ndi wololedwa, poti wasinthika kukhala chinthu china. Mtima ukapanda kukhazikika, funsani a shehe kapena abusa anu, ndipo mutiuze ife tisanakupatseni mankhwala. Ambiri aliponso a mapiritsi kapena amadzi.

Kunyumba nako tisabisirane. Ufa wa usipa m'phala ndi wabwino kwambiri kwa mwana wopitirira miyezi 6, pitirizani. Koma mukampatsa mwana wa mnzanu kapena mlendo, nenani kuti muli nsomba, dzira kapena nsinjiro. Pali ana omwe thupi lawo silimagwirizana nazo. Mwana akatuluka zidzolo zoyabwa, milomo kapena zikope zikatupa, kapena akayamba kubanika atangodya, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo.

Uzaniko anzanu a ku sikelo. Mukabwera, tengani paketi yomwe ikukukayikitsaniyo, tidzawerengere limodzi.